Manja Odyetsa Makina

Wilbroad sankatha kudutsa mphira osaikhudza. Mu minibasi, anthu ena akamakangana ndi kondakitala, iye ankayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwa zenera, n'kumakanikiza mphira yakuda imene imagwira galasi. Akapita kukacheza kwa anthu ankatsegula firiji ya eni ake asanapatsidwe n'komwe mpando. Sankafuna chakudya ayi, ankafuna kutsina mphira ya pachitseko. Akatsina ankagamula pomwepo.

"Iyi ndi yathu," ankatero. Kapena, "Iyi njakunja, ndipo sinapse bwino. Dzinja likubwerali ing'ambika."

Febby, mkazi wake, ankachita nazo manyazi atangokwatirana kumene. Kenaka anazolowera, ndipo patapita zaka nayenso analowa ntchito pafakitale yomweyo, kuseri kwa msewu wa Lumumba ngati ukupita ku Chunga. M'mawa uliwonse ankachokera limodzi ku Kabwata, kutsika m'tauni, n'kukwera basi ina. Akafika pageti ankasiyana. Mwamuna ankapita kumutu kwa mzere wa makina, mkazi kumchira.

Mphira imafika pafakitale ili zibuma zotumbuluka. Amuna a m'chipinda chosakanizira amaithira ufa wakuda ngati mwaye, mafuta, ndi mankhwala achikasu onunkha ngati machesi. Amaipinda pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira mpaka itafewa ngati chikanda, kenaka amaidula malamba ataliatali. Malamba amenewa ndi amene Wilbroad ankadyetsa makina ake.

Makinawo ndi mpope wonenepa wachitsulo, wotentha, wokhala ndi kamwa pamwamba. M'kati mwake mumazungulira sikuluwu yaitali ngati munthu. Sikuluwuyo imagwira lamba, kumukanda, ndi kumukankhira kutsogolo mpaka atatulukira pa dayi, chitsulo chobooledwa m'maonekedwe a chinthu chimene akufuna: mphira ya zenera la basi, ya chitseko cha firiji, kapena ya mawindo a nyumba zam'mwamba za ku Kabulonga. Madayi onse ankasema ndi a Abdulkadiri, nkhalamba ya ndevu zoyera imene bambo wake anachokera ku Mangochi kudzasoka zovala mu Lusaka. Bowo ankalichepetsa dala, chifukwa mphira ikangotuluka imafufuma. Ankapala ndi tupa, kuyesa, kupalanso, mpaka chotulukacho chitafika pa muyeso.

Kuchoka pa dayi, mphira imayenda ngati njoka yosatha kulowa mu uvuni wautali wa mpweya wotentha, mmene imapsa n'kulimba. Imadutsa m'madzi ozizira, ndipo pomaliza imafika patebulo pamene Febby ankaiyeza, kuidula ndi kuilumikiza m'makona. Mphira yosapsa ikalakwika, umaibweza pakamwa pa makina. Yakupsa ikalakwika, ndi zinyalala basi.

Wodyetsa makina savala magolovesi. Golovesi ikakodwa imapita ndi dzanja. Munthu amagwira lamba ndi zala zosavala, n'kumamva mmene sikuluwu ikukokera. Ikakoka pang'ono, amatsitsa lamba. Ikakoka mwaukali, amasiya. Maso sathandiza, chifukwa maso amakhala ali pa dayi. Zonse zili m'zala.

Febby ndiye anali woyamba kuona kuti zala za mwamuna wake zafa. Kapu inagwa m'manja mwake popanda womugunda. Mabatani a malaya ankawamanga akuyang'ana, ngati mwana wa sukulu. Tsiku lina anavundukula poto wowira ndi dzanja, n'kuima ndi chivundikirocho akufunsa ngati nyemba zapsa. Febby anamukokera ku kiliniki. Kumeneko anati ndi shuga, ndipo wakhala nthawi yaitali. Anati mankhwala athandiza thupi, koma dzanzi la m'manja ndi m'mapazi silibwerera m'mbuyo.

Potuluka, Wilbroad anaima pansi pa mtengo wa jakaranda.

"Amake Bethany, izi zithere pompano. Kuntchito musakatchule."

"Ndiye makina aja mukadyetsa ndi chiyani?"

"Makina aja ndimawadziwa kuposa mmene ndimakudziwirani inu. Ndikhoza kuwadyetsa nditatsinzina."

"Kutsinzina mukhoza. Maso si amene afa."

"Ndati zithere pano."

Zinathera pomwepo. Febby anakulira mu mpingo wa Reformed, ndipo alangizi ake, azimayi a ku Katete, anamuuza kanthu kamodzi mobwerezabwereza asanalowe m'banja: mkazi ndi chitenje cha mwamuna wake. Chimene waona m'nyumba sachiyanika pabwalo. Iye sanali munthu wosunga mawu m'kamwa, ndipo azimayi a m'chigwirizano ankamuopa pa zokambirana, koma ichi anachisunga.

Anachisunga ngakhale pamene mphira yofika patebulo pake inayamba kusintha. Pena inkabwera yowonda, chifukwa sikuluwu inali itasowa chakudya Wilbroad osamva. Pena inkabwera ndi matuza. Febby ankadula malo oipawo msanga, n'kuwaponya pansi penipeni pa mgolo wa zinyalala. Mu basi, Wilbroad ankakanikizabe mphira ya pazenera, koma tsopano ankakanikiza ndi chikhadabo, mwamphamvu, maso atayandikira galasi. Tsiku lina anati, "Iyi ndi yathu," pa mphira imene Febby ankaona poyera kuti si yawo. Sanamutsutse.

Chaka chimenecho mvula inakana, ndipo magetsi ankazima osatsanzika. Pafakitale ya mphira kuzima kwa magetsi si nthawi yopuma. Mphira yotsala m'mpope wotentha imayamba kupsa momwemo, ndipo ikalimba imagwira sikuluwu ngati simenti. Choncho makina akangoti zii, aliyense amathamangira kumutu.

Lachitatu lina m'mawa, anali pakati pa oda yaikulu ya mphira za mabasi pamene zonse zinaima.

"Malaiti yaenda!" anakuwa wina wa kosakanizira. "Bwelani, bwelani!"

Anamasula mabawuti, natsegula mutu wa makina. Utsi wonunkha unatuluka. Amuna anayamba kukoka mphira yotentha ndi ngowe. Febby anabwera ndi chidebe. Ndi pamene anaona mwamuna wake atanyamula dayi ndi manja awiri, ngati mbale, akuyang'ana uku ndi uku kufuna poiika. Chitsulocho chinali chitangochoka pamoto. Wilbroad sanathamange nacho. Sanasinthe nkhope.

A Abdulkadiri anachilanda ndi pulayala, nachiponya mumchenga.

"Subhanallah! Achimwene, mukufuna kuwotcha nyama ya Khirisimasi nthawi isanakwane?"

Amuna ena anaseka. Wilbroad anasekanso.

"Manja a kale awa, ba Abdu. Si a ana a masiku ano odya masoseji."

Koma a Abdulkadiri sanaseke. Anamutengera pampopi, namutsegulira madzi. Khungu la m'zikhatho linali litayera, matuza atayamba kale kutukuka. Nkhalambayo inang'amba nsalu yoyera imene inkapukutira madayi, n'kumanga dzanja lamanja, limene linapsa kwambiri. Pomanga inayang'ana Febby kamodzi kokha, n'kubweza maso pansi. Febby anadziwa kuti nawonso akhala akudziwa.

Magetsi anabwera dzuwa litapendeka. Chabala, kapitawo wawo, anatuluka mu ofesi akuwomba m'manja.

"Tiyeni, tiyeni! Ba kasitoma baniimbila foni kuchokela kuseni. Ba Wilbroad, muli shani na kwanja uko? Muzakwanisa?"

"Ni kachilonda chabe, ba bosi."

Makina akayamba, pamapita kanthawi mphira isanafike kumchira. Febby analibe choti adule, choncho anaima pafupi ndi mutu, manja ali m'thumba la ovolosi. Wilbroad anatenga lamba, namulowetsa pakamwa. Maso ake anali pa dayi, kudikira mphira yoyamba. Nsonga ya nsalu ya padzanja inali itamasuka. Inamatirira pa lamba, n'kutsika naye limodzi.

Febby anaona nsalu ikulowa. Anaona ikumasuka kuzungulira chikhatho, ikukungika, dzanja likutsatira pang'onopang'ono. Wilbroad anali akulankhula ndi a Abdulkadiri za m'mphepete mwa mphira, kuti mbali imodzi yanenepa.

Sanakuwe. Anadumpha n'kumenya batani lofiira ndi chibakera. Makina anabuula, naima. Zala za Wilbroad zinali zitalowa kale pakamwa, nsonga zake zitakhudza chitsulo. Iye anatembenuka ndi mkwiyo.

"Ndani wazimitsa? Mukufuna mphira ipsenso m'kati?"

Kenaka anayang'ana pamene aliyense ankayang'ana.

Anadula nsalu ndi mpeni. Wina anati Mulungu ndi wamkulu. Wina anati ba Wilbroad agule Fanta ya akazi awo. Wilbroad anapukusa mutu akuseka, nati nsalu za a Abdulkadiri zili ndi njala, ndipo anatola lamba wina kuti apitirize.

Febby anavula kansalu ka kumutu, napukuta nkhope, n'kulowa mu ofesi ya Chabala osagogoda.

"Ba Chabala, amuna anga manja awo sakumva. Ali ndi shuga. Moto saumva, kukoka kwa makina sakumva. Achotseni pakamwa paja lero."

Chabala anaika foni pansi.

"Ba Febby, muziba vamene mukamba?"

"Ndimagona nawo nyumba imodzi."

"Kuyambila liti?"

"Kalekale. Pitani mukapendeketse mgolo wanga wa zinyalala, muone zili pansi."

Khoma la ofesiyo linali la mabolodi, ndipo makina anali chizimire. Fakitale yonse inamva.

Chabala sanali munthu woipa. Sanamuchotse ntchito Wilbroad. Anamuika kumchira, kukulunga mphira yomalizidwa ndi kuimanga m'mitolo, malipiro osasintha. Kumeneko kunali pafupi ndi tebulo la Febby, ndipo ntchitoyo inali ya azimayi ndi anthu ongoyamba kumene. Wilbroad anagwira tsiku limodzi. Amuna a kosakanizira podutsa ankati, "Mwaswela bwanji ba mayo?" akuseka. Sankafuna kumupweteka, ndi mmene amuna a pafakitale amachezera. Koma m'mawa mwake iye sanadzuke. Anagona chagada, dzanja lomangidwa lili pachifuwa.

"Basi itisiya, atate ake Bethany."

Iye anatembenukira kukhoma.

Sanayankhe tsiku limenelo, kapena sabata imeneyo. Chakudya ankadya Febby akatuluka m'chipinda. Mankhwala ankamwa. Bethany, mwana wawo amene ankaphunzira unamwino ku Ndola, akaimba foni, bambo ake ankalankhula naye mokoma, n'kubweza foniyo patebulo osati m'manja mwa mkazi wake.

Kufakitale zinthu zinaipa. Amene anaikidwa pakamwa pa makina ankaopa sikuluwu, moti ankaponya lamba ali patali. Mphira inkatuluka yowonda pano, yotupa apo. Migolo inadzaza. Tsiku lina Chabala anaima patebulo la Febby, akusisita m'khosi.

"Ba Febby, ba Wilbroad benze kuno mailo, imwe mutaenda."

"Anabwera dzulo?"

"Bakamba ati munakangana kunyumba. Ati ni nkhani ya chikwati, imwe munakalipa, ndiye munabanamizila. Ati manja yao yali che bwino, nsalu ingakodwe kuli aliyense." Anayang'ana mgolo wodzaza. "Ine sinifuna kungena mu va m'nyumba. Koma ngati ni so, nikambileni na kamwa yanu. Mukakamba ati munanama, Monday nibabweza pa mashini. Oda iyi izanipaya."

Febby anapitiriza kudula.

"Mwanimvela?"

"Ndamva."

Pa nthawi ya chakudya a Abdulkadiri anabwera kudzakhala pa benchi yake, atatha kuswali kuseri kwa sitolo. Anamugawira chitumbuwa.

"Mlongo, ine ndinaona kalekale. Ndinkangomuyang'anira. Ndinkati ndikhala pafupi, ndizimuonera."

"Ndiye tsiku lija munali kuti?"

"Ndinali pomwepo. Ndinkayang'ana dayi." Anatafuna pang'onopang'ono. "Tonse timayang'ana dayi."

Lamlungu Febby anaitanidwa ku Woodlands, kwa a Thandazani, mkulu wake wa Wilbroad, amenenso anali nkhoswe ya ukwati wawo. A Thandazani anagwira ntchito ya mu ofesi mpaka kupuma, ndipo nyumba yawo inali ya mpanda wautali ndi galu wosauwa. Pabalaza panali iwo, azakhali awo okalamba amene anali mmodzi wa alangizi a Febby, ndi Wilbroad atavala jekete la kutchalitchi. Febby anakhala pamphasa pafupi ndi khomo, miyendo atatambasula.

A Thandazani anayamba ndi pemphero. Atatha anatsokomola.

"Mlamu, takuitanani si kuti tikuweruzeni. Tonse tikudziwa kuti mumamukonda mng'ono wangayu. Koma nkhani yatifika ndi yolemetsa. Akuti munaima pakati pa fakitale n'kumuvula."

"Ndinaima mu ofesi, alamu. Khoma ndi limene lili lopyapyala."

"Iwe Febby," anatero azakhali, "pakamwa pako mpaka lero? Tinakuuza chiyani m'chipinda muja? Mwamuna akadwala, odziwa ndi mkazi ndi ankhoswe. Unalumpha ife, unalumpha abusa, n'kukauza Mbemba wa kuntchito."

"Mbembayo ndi amene ali ndi makiyi a makina, azakhali. Abusa alibe."

"Tamumvani!"

A Thandazani anakweza dzanja.

"Tisatalikitse. Chimene chalakwika chimakonzedwa. Mwambo mukuudziwa. Mugule nkhuku, muphike, mugwade, mupepese kwa amuna anu. Ndiye mawa mupite kwa kapitawo uja mukamuuze kuti munalankhula ndi mkwiyo, kuti si zoona. Iye wavomera kale. Munthu abwerere pa ntchito yake, ulemu wake ubwerere, nkhani ithe."

Febby anayang'ana zikhadabo zake, zimene zinali ndi mzere wakuda umene sopo sachotsa.

"Nkhuku ndigula, ngakhale ziwiri. Kugwada ndigwada, pano pomwe ngati mukufuna. Ndinawachititsa manyazi pamaso pa anzawo, ndipo zimenezo zikundiwawa. Koma kwa Chabala sindipita."

"Chifukwa?"

"Alamu, munaionapo sikuluwu ija? Siidula chala n'kusiya. Imakoka. Ikagwira chala imafuna chikhatho, ikagwira chikhatho imafuna chigongono. Batani lili mbali ina, dzanja lotsalalo silifikako. Ine ndinaona nsalu ikulowa, iwo akucheza."

"Ngozi imagwera aliyense."

"Aliyense amamva ikamayamba."

Apa Wilbroad analankhula. Anali mawu ake oyamba kwa mkazi wake chichokereni tsiku lija, ndipo anawalankhula akuyang'ana kabati ya mbale.

"Dzanja ndi langa."

"Ndi lanu."

"Ngati makina alifuna, alitenge. Ndi bwino ndikhale wopanda dzanja, anthu azinena kuti uyu anapweteka pa ntchito yake, kusiyana ndi kukhala ndi manja awiri omangira mitolo pambali pa mkazi wanga. Ndinalowa pafakitale paja ndilibe ndevu. Makina aja anabwera ine ndilipo, ndinawatsitsa mu lole ndi mapewa awa. Ine ndi chiyani kunja kwa paja? Tandiuzani. Ku Kabwata ndikhale pakhonde ndiziwerenga mabasi?"

Azakhali anayang'ana kumbali.

"Mukhala atate ake Bethany," anatero Febby.

"Bethany wakula."

Galu anadutsa pakhomo, nayang'ana m'kati, n'kupitirira.

"Ndanena pamaso pa akulu," anatero Wilbroad. "Mawa akapanda kupita kwa Chabala, nyumba ija sitikhalamo awiri. Sindingadye chakudya cha munthu amene wandikwirira ndili moyo."

"Wilbroad, usafulumire," anatero a Thandazani. Koma anatembenukira kwa Febby. "Mlamu, mwamva. Ndi mawu ochepa chabe. Mukanene, ukwati upulumuke. Zinazo Mulungu aona."

Azakhali anamuperekeza mpaka pageti. Kumeneko, amuna asakumva, mawu awo anafewa.

"Mwana wanga, amuna ndi choncho. Wanga anafa ndi chifuwa cha mumgodi akukana kuti sakudwala. Ndinamusunga mpaka tsiku lomaliza, palibe anadziwa."

"Ndiye anapulumuka?"

"Anafa ndi ulemu wake."

"Inu munatsala ndi chiyani?"

Azakhali anamukonzera kolala ya bulauzi, namukankha pang'ono kuti azipita.

Anakwera basi imodzi chifukwa panalibe ina. Kondakitala anawapanikiza pampando wakumbuyo, Wilbroad kuzenera, Febby pambali pake. Munali anthu ochokera ku mapemphero a masana, ndi mayi wina wonyamula thireyi ya mazira pamiyendo. Wilbroad anatembenuzira nkhope kunja. Dzanja lake lamanzere, limene linali litapola, linali pa bondo.

Febby anaika dzanja lake pamwamba pa dzanjalo. Sanachite mobisa. Analigwira monga ankaligwirira ali achinyamata, akuyenda wapansi kuchoka ku Kamwala chifukwa cha kusowa ya basi. Analowetsa zala zake pakati pa zala za mwamuna wake, nafinya.

Wilbroad anapitiriza kuyang'ana kunja. Sanachotse dzanja. Sanafinyenso. Nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono.

Poyamba Febby anaganiza kuti ndi mkwiyo. Anafinya kwambiri, mpaka mfundo za zala zake zinawawa. Analowetsa chikhadabo pakhungu. Basi inadutsa Chilenje, inaima, inatsitsa mayi wa mazira, inanyamukanso. Mwamuna wake ankawerenga zikwangwani za m'mbali mwa msewu, milomo ikuyenda pang'ono.

Atayandikira Kabwata, Wilbroad anafuna kutulutsa ndalama m'thumba. Dzanja linakana kunyamuka. Anayang'ana pansi, naona zala za mkazi wake zili pakati pa zake. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Mwayamba liti?" anafunsa motsitsa.

"Ku Woodlands."

Kondakitala anamenya denga. "Kabwata! Ba mudala, mwasala?"

Anatsika. Anayenda kupita kunyumba, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo. Ana ankasewera mpira pamsewu wafumbi, ndipo anaimitsa kuti akulu adutse. Pakhomo Wilbroad analimbana ndi kiyi, akuiyang'anitsitsa, mpaka inalowa.

M'nyumba anakhala pampando wake osavula jekete. Febby anaima pakati pa balaza.

"Mwaona nokha, atate ake Bethany."

"Ndaona."

"Ndiye?"

"Ndiye mawa mupite kwa Chabala."

Febby anamuyang'ana. Munthuyo sankanamanso, ngakhale kwa iye mwini. Ankadziwa, ndipo ankafunabe.

"Mukundipempha kuti ndikuperekeni ndi pakamwa panga. Ndiye ndikaime kumchira, ndizidikira tsiku limene mphira idzafike patebulo panga ili ndi inu m'kati."

"Ndikukupemphani kuti mukhale mkazi wanga."

"Ndine mkazi wanu. N'chifukwa chake sindipita."

Wilbroad anatseka maso, natsamira kumbuyo.

Dzuwa linali likadalipo. Febby anapita kumsika wa Kabwata, nagula nkhuku yachikuda, yaikazi, yonenepa. Anaipha kuseri kwa nyumba, naiphika monga mwambo umanenera, yathunthu ziwalo zake, osachotsapo kanthu. Anaiika m'mbale yovundikira, nabwera nayo pabalaza, nagwada. Mawondo ake analira.

"Pepani chifukwa cha manyazi amene ndinakuchititsani pamaso pa anthu."

Wilbroad anatsegula maso.

"Ndi za Chabala?"

"Ayi."

Anatsekanso maso. Febby anakhala chogwada kwa kanthawi, kenaka anaika mbale patebulo, nadzuka pogwira mpando.

Kuchipinda anatsitsa chikwama chachikulu pamwamba pa wadiropu, nachipukuta fumbi. Anaimbira Abby, mng'ono wake wa ku Chelstone, namuuza kuti akonze pogona. Abby anayamba mafunso, Febby anadula foni. Anaikamo maovolosi awiri ndi nsapato za kuntchito poyamba, chifukwa kuchoka ku Chelstone kukafika kufakitale ndi mabasi awiri ndipo sadzakhala ndi nthawi yofunafuna. Anaikamo zitenje, yunifolomu ya chigwirizano, Baibulo, ndi chithunzi cha Bethany. Bulangete latsopano analisiya. Anapita kukhitchini, natsitsa mapoto olemera kuwaika pashelefu yapansi. Shuga yense anamukhuthulira m'pepala, namuika m'chikwama. Mankhwala anawaika pafupi ndi wailesi, pamene munthu sangalephere kuwaona.

Zipi ya chikwama inavuta, anachita kuikhalira. Anachikokera pabalaza, nachiimika pafupi ndi chitseko.

"Madzi osamba muziyesa ndi chigongono," anatero. "Mbaula musanyamule. Mapazi muziwayang'ana tsiku lililonse musanavale nsapato."

Wilbroad sanatsegule maso. Mbale ya nkhuku inali chivundikirire.

"Mawa ndikhala patebulo panga. Chabala akandifunsa, ndimuuza zomwe zija."

Anamanga chitenje m'chiuno, nakweza chikwama.